Kugona m'boti padoko ku Cape Town: zofunsa mwini wake asanachoke

Ku V&A Waterfront ndi ku Hout Bay kuli maboti omangidwa m'mbali mwa milatho yoyandama, ndipo ena mwa iwo alendo amagonamo patchuthi. Boti lotere silichoka pamalo pake, chifukwa kuliyendetsa kumafuna chiphaso cha SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha panyanja ku South Africa. Musaliyese chipinda cha hotela. Madzi, magetsi ndi chimbudzi zonse n'zoyezera, choncho pemphani mwini wake akhale nanu theka la ola, akusonyezeni chilichonse inu mukugwira ndi manja anu.

Yambani ndi chimbudzi, pakuti n'chimene chimasokoneza matchuthi ambiri. Cha pamanja chimakhala ndi pampu ndi kachogwirira ka mbali ziwiri, yolowetsa madzi ndi youmitsa. Ikani kolowetsa madzi, mupope kokwana 10 kapena 15 kuti zonse zidutse paipi yonse, kenako mutembenuzire koumitsa mpaka mbale itauma. Musiye pomwepo nthawi zonse. Mukasiya kolowetsa, madzi a m'nyanja atha kumasefukira m'boti inu muli mtulo. Paipi yake ndi yamamilimita 38 basi, kotero nsalu zopukutira ana, thonje ndi tsitsi zimatseka nthawi yomweyo. Pampu ikalimba musakakamize, mudzang'amba mphira wa mkati. Zonyansa zimasungidwa m'thanki yaing'ono yosachedwa kudzaza, ndiye masana pitani kuzimbudzi ndi mabafa a padoko.

Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya. M'nyumba akadontha amatuluka pakhomo, koma m'boti amatsikira pansi penipeni n'kukhazikika, kudikira kamoto kamodzi. Mukamaliza kuphika, tsekani kaye pabotolo moto ukuyakabe, uzime wokha, kenako mutseke pachitofu. Mukamva fungo musakhudze switchi iliyonse: tsekani botolo, tsegulani zitseko ndi mawindo onse, tulukani. Mbaula ya makala isalowe m'kati ngakhale kuzizire bwanji, utsi wake wosaonekawo umapha anthu ali mtulo.

Magetsi amachokera pamlatho kudzera pachingwe, mavolti 230, kawirikawiri ma amp 16. Ndiye kuti mawati onse pamodzi asapitirire 3,600. Ketulo ya mawati 2,000 ndi hita ya 2,000 zikayaka limodzi, magetsi azima. Nyale, firiji ndi pampu ya madzi zimadya batire ya mavolti 12, choncho onetsetsani kuti chotchajira chikugwira ntchito. Pali switchi imodzi yomwe simuyenera kuzimitsa, ya pampu yochotsa madzi olowa pansi pa boti. Ikamalira kawirikawiri, nyambitani kadontho ka madziwo: akakhala amchere, boti likulowa madzi, imbirani mwini wake msanga.

Thanki ya madzi abwino m'maboti ambiri otere imakhala ya malita 200 mpaka 400. Posamba nyowetsani thupi, tsekani, pakani sopo, tsukuluzani. Akumwa gulani a m'mabotolo.

Amene munazolowera Nyanja ya Malawi, dziwani kuti ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25 kuchoka pakudzaza kumodzi kufika pa kwina. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi a ku Cape Town amakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Mlatho woyandama umakwera limodzi ndi boti, ndiye zingwe musazikhudze. Chosintha ndi kanjira kotsikira kumlathoko: madzi akaphwa kamakhala kotsetsereka kwambiri, ndipo katundu wolemera ndi bwino kumunyamula madzi atadzaza. Tengani zikwama zofewa, sutikesi ilibe poisunga.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi kumaomba mphepo ya kummwera chakummawa yomwe eni mzinda amaitcha Cape Doctor. Ukali wake ndi wonga wa mwera wa m'Julayi, ndipo imachita kugwa kuchokera kuphiri la Table Mountain. Ikayamba, lowetsani matawulo ndi mipando, muone ngati mafenda, matumba a mphira olendewera m'mbali aja, akadali pakati pa boti ndi mlatho. Zingwe za mlongoti zikamagogoda usiku, zikokereni kutali ndi mlongotiwo pogwiritsa ntchito kachingwe, anansi adzakuthokozani.

Pokwera m'boti musadumphe. Gwirani waya wa m'mbali pafupi ndi mlongoti, dzanja lina lilibe kanthu, nsapato zikhale za mphira. Ana avale jekete zoyandamitsa akangoponda pamlatho. Padoko sasambirapo: maboti amadutsa, ndipo madzi a mbali ya Atlantic ndi ozizira kwambiri chifukwa cha mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Benguela, moti wogweramo manja amauma msanga. Tsiku loyamba fufuzani pamene pali makwerero otulukira m'madzi. Nyama za m'nyanja zotchedwa seal zimakonda kuothera dzuwa pamilatho, ndipo zimaluma, zilambalaleni. Pangozi imbani 112 pafoni ya m'manja mupemphe a NSRI, gulu lopulumutsa anthu panyanja, kapena itanani pa tchanelo 16 pawailesi ya VHF ya m'botimo, mutchule dzina la boti ndi nambala ya malo amene lamangidwa.