Kuunika chimbale cha atmospheric black metal osangolemba kuti "mdima ndi chisanu"

Ndemanga zambiri za zimbale za atmospheric black metal, mtundu wa nyimbo za metal wa magitala aukali, woimba wokuwa ndi nyimbo zazitali zobwerezabwereza, zimafanana moti mutachotsa dzina la bandi pamwamba n'kuikapo lina, palibe angazindikire. Chifunga, nkhalango, chisanu, mdima, kenako 9/10 basi zatha. Munthu wawerenga ndime zinayi koma sakudziwabe kuti gitala ikumveka bwanji, kaya ng'oma akumenya ndi munthu kaya ndi makina, kaya nyimbo ya mphindi 14 ija ili ndi chifukwa chotalikira choncho kapena oimbawo anangosowa pothera. Nde ngati mukufuna kulemba za nyimbo zimenezi, ntchito yanu ndi kumuuza owerenga zomwe zikuchitika m'khutu, pa mphindi yakuti ndi yakuti, komanso ngati zikugwira kapena ayi.

Ulendo woyamba mverani osalemba kanthu. Chimbale chonse kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, osadumpha, osaika shuffle yosakaniza ndondomeko ya nyimbo, chifukwa zimbale zamtunduwu zambiri amazimanga ngati chinthu chimodzi, kanyimbo ka kiyibodi kapakati kaja kamene payokha kakumveka ngati kotaya nthawi nthawi zina ndi komwe kamachititsa kuti nyimbo yotsatira ikugundeni pamtima. Ndipo chonde osamvera pa sipika ya foni. Sipika ya foni imameza bezi yonse, gitala n'kusanduka phokoso la "sssss" lokhalokha, nde mudzalemba kuti anajambula moipa pomwe vuto ndi lanu. Mahedifoni abwino kaye, kenako masipika ngati muli nawo, chifukwa pali zimbale zina zimatseguka zikamveka m'chipinda osati m'mutu.

Ulendo wachiwiri ndi pomwe mutenge kope kapena kutsegula manotsi pa foni, n'kumalemba nthawi. Zinthu ngati izi: 3:40 ng'oma zasiya kuthamanga, zatsika theka, gitala yakumanzere ikubwerezabe zomwe zija koma yakumanja yakwera pamwamba. 7:15 zonse zii, yatsala gitala yosalumikiza kumagetsi ndi mphepo. 9:02 mawu abwerera koma ali patali kuposa poyamba. Manotsi oterewa amaoneka ouma, koma ndemanga yonse imachokera mmenemo, ndipo amakuululirani chilungamo, mukaona kuti pa nyimbo ya mphindi 12 mwalemba mizere iwiri yokha, dzifunseni ngati munatengeka mpaka kuiwala kulemba kapena munalibe choti mulembe. Zinthu ziwirizi ndi zosiyana kwambiri ndipo kusiyana kwakeko ndiye nkhani yonse ya nyimbo zamtunduwu.

Chifukwa kubwereza ndiye msana wake. Gitala amaimenya mwa tremolo, nsambo imodzi kapena ziwiri mofulumira kwambiri mpaka manotsi a nyimbo amalumikizana kukhala mzere umodzi wautali, pansi pake pali blast beat, ng'oma zothamanga mosapumira, ndipo chodabwitsa nchoti zikathamanga choncho kwa nthawi yaitali khutu limasiya kumva liwiro, zimangokhala ngati zaima. Riff imodzi, kachigawo kakafupi ka gitala kobwerezedwa, itha kuzungulira mphindi zisanu. Osalemba kuti "ikubwerezabwereza" ngati mwapeza mlandu, aliyense akudziwa kuti ibwereza. Funso ndi loti chikusintha nchiyani pansi pa kubwerezako. Kodi bezi yasuntha? Kodi kiyibodi yalowa pang'onopang'ono moti simunazindikire pomwe inayambira? Kodi womenya ng'oma wachoka pa hi-hat kupita pa ride (zonsezi ndi mbale zachitsulo za pa ng'oma), mawu ake n'kuwala? Ngati pali chomwe chikuyenda, nenani chimenecho. Ngati palibe ndipo riff yakeyo ndi yofooka yosatha kunyamula mphindi zisanu, nenaninso mosaopa.

Pa nkhani ya kajambulidwe ndi pomwe oyamba kumene amagwa kwambiri. Mu black metal mawu akuda, ophwanyika, nthawi zambiri ndi dala. Darkthrone anajambula Transilvanian Hunger ya 1994 pa kamakina kakang'ono ka four-track, kojambula mizere inayi yokha ya mawu, ndipo kuuma kwake kuja ndi mbali ya nyimboyo. Paysage d'Hiver ya ku Switzerland, yomwe ndi ya munthu mmodzi, imakwirira nyimbo pansi pa phokoso ndi mkokomo wa mphepo mpaka umachita kutchera khutu kuti upeze chomwe gitala ikuimba, koma chilipo, ukachipeza sichikuchokanso m'mutu. Mbali inayi pali Two Hunters ya Wolves in the Throne Room ya 2007, yomwe anajambula ndi Randall Dunn, yotakasuka, ng'oma zake zolemera. Zonsezi ndi zabwino mwa njira yake. Nde musapereke mapointi chifukwa choyera kapena kulanda chifukwa chakuda, funsani kuti kudako kukubisa nyimbo yabwino yoti uyifukule, kapena kukubisa kuti palibe nyimbo. Pali mabandi ambiri a m'chipinda chogona amene amathira reverb, yomwe imachititsa mawu kumveka ngati ali m'phanga, pa chilichonse poganiza kuti ndiye atmosphere imeneyo, ukachotsa reverb m'maganizo mwako umapeza ma chord atatu otopa. Chimodzimodzi ng'oma za makina, Summoning ya ku Austria yakhala ikugwiritsa ntchito makina kwa zaka zambiri ndipo zimagwirizana ndi makiyibodi awo ndi nkhani zawo za dziko la Tolkien, palibe chifukwa chowanyozera. Koma makina omwe akungoti tatatata mphamvu yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza pa nyimbo yomwe imafuna kupuma, amenewo atchuleni.

Tsopano experimental metal, yomwe imasakaniza metal ndi zinthu zachilendo, apa mpamene pamavuta chifukwa mulibe muyezo wokonzeka kale. Bandi yalowetsa saxophone, kapena banjo, kapena kwaya, kapena zamagetsi za pa kompyuta. Olemba ambiri amangotengeka kuti eee aika saxophone mu metal, n'kupereka mapointi chifukwa cha kulimba mtima. Ine ndimayesa chonchi, ndimachotsa chachilendocho m'maganizo n'kuona ngati nyimbo ikugwa. Ikapanda kugwa ndiye kuti chinali chokongoletsera chabe, ngati duwa lapulasitiki pa tebulo. Kentucky ya Panopticon ya 2012 ndi chitsanzo chabwino cha mbali inayo, muli banjo ndi nyimbo za anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha, ndipo chimbale chonse chikukamba za migodiyo ndi mavuto a anthu ake ku Kentucky, mukachotsa banjo mwachotsa nkhani. Imperial Triumphant ya ku New York jazz yake ili mkati mwa kamenyedwe ka ng'oma ndi kayendedwe ka bezi, si yomata pamwamba. Oranssi Pazuzu ya ku Finland imatenga kuzungulira kwa nyimbo za psychedelic n'kukusandutsa chinthu choopsa. Mukamaunika zotere nenani pomwe pali msoko, kodi mbali ziwirizo zasokedwa pamodzi kapena zikungosinthana, apa metal apa jazz apa metal.

Zimbale za manotsi owombana dala, monga za Deathspell Omega kapena The Work Which Transforms God ya Blut Aus Nord ya 2003, zipatseni nthawi. Tsiku loyamba zimamveka ngati chisokonezo chokhachokha, khutu limafuna masiku kuti lipeze mizere yomwe ikubwerera. Osathamangira kulemba usiku womwe chatuluka pofuna kukhala oyamba. Komanso osanamizira kuti mwamvetsa, ngati mwamvera kokwanira ndipo pali nyimbo yomwe ikukanabe kulowa, lembani kuti pamenepa bandi yandisiya panjira ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Mawu a nyimbo simudzawamva ndi khutu, woimba akukuwa ndipo nthawi zambiri amamuika kumbuyo kwa magitala ngati chida china chabe. Afufuzeni pa masamba a pa intaneti a Bandcamp (pomwe mabandi amagulitsa nyimbo) kapena Metal Archives (pomwe pali mbiri za mabandi a metal ndi ndemanga) ngati anawatulutsa. Nthawi zina amasintha mmene mukumvera, Bergtatt ya Ulver ya 1995 ndi nthano ya mtsikana wotengedwa kulowa m'phiri, yolembedwa m'chilankhulo chachikale cha ku Denmark ndi Norway, ukadziwa zimenezo mawu oimba osakuwa ndi magitala ofatsa omwe ali m'chimbalemo amakhala ndi malo ake. Pofufuzapo onaninso kuti bandiyo ndi ndani, ikutulutsa kudzera kampani iti. Nyimbozi zili ndi mbiri yonyansa mbali ina, Varg Vikernes wa bandi ya Burzum anapha Euronymous wa bandi ya Mayhem mu 1993 ndipo mu 1994 anamugamula zaka 21 chifukwa cha kuphako ndi kuwotcha matchalitchi, ndipo maganizo ake a tsankho sanawabise. Palinso mabandi otchedwa NSBM (National Socialist black metal) omwe amalalikira za chipani cha Nazi poyera kapena mobisa m'zizindikiro. Kaya inu mumalekanitsa nyimbo ndi mwini wake kaya ayi, owerenga auzeni zomwe mwapeza zotsimikizika asanatulutse ndalama zawo, koma mphekesera za pa intaneti osazilemba ngati zoona.

Kuyerekeza ndi mabandi ena kumathandiza, bola mukhale achindunji. "Akumveka ngati Agalloch" sizikunena kanthu, Agalloch yake iti, magitala ofatsa a The Mantle ya 2002 kapena mbali zolusa? Mayina awiri atatu akwana, ndemanga isasanduke mndandanda woonetsa kuti mumadziwa mabandi ambiri. Ndipo mkangano woti "iyi si black metal yeniyeni" usakudyereni ndime, anthu anakangana mpaka kutopa pomwe Deafheaven inatulutsa Sunbather mu 2013 ndi chikuto chapinki chija, owerenga akufuna kudziwa ngati chimbalecho chili bwino, chiphaso chake sakuchifuna.

Mapointi ikani pomaliza mutalemba zonse, kenako werengani ndemanga yanu muone ngati nambalayo ikugwirizana ndi zomwe mwanena, chifukwa zimachitika munthu kudandaula ndime zitatu kuti nyimbo ziwiri zapakati ndi zotalika mopanda pake kenako n'kupereka 95% pa Metal Archives. Tchulani nyimbo imodzi yoti munthu ayambire ngati ali ndi mphindi khumi zokha, ndipo ngati pali nyimbo yomwe inuyo mumaidumpha mukamamvera panokha, itchuleninso ndi dzina lake ndi mphindi yomwe imakutayani.