Masamba oyera mu GNU IceCat: momwe ndinakonzera

Pa makompyuta a bungwe lathu la maliro ku Mbare tinaikapo GNU IceCat, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Ndi mtundu wa Firefox wochotsedwa zonse zomwe si mapulogalamu aufulu, omwe aliyense amaloledwa kuwaona mkati, kuwasintha ndi kuwagawa. Koma tsamba la banki ndi logulira magetsi ankangoonetsa poyera, mabatani osagwira ntchito.

Chomwe chimachititsa ndi LibreJS, yomwe imabwera kale mu IceCat. Imaletsa JavaScript (timapulogalamu toyendetsa tsamba, totchedwanso ma script) iliyonse yovuta yomwe ilibe chizindikiro cha laisensi yaufulu, ndipo masamba ambiri a malonda sachiika.

Kuchotseratu LibreJS sindikuvomereza, chifukwa ndiye phindu lenileni la IceCat. M'malo mwake, dinani chizindikiro chake pamwamba kumanja, muona mndandanda wa ma script oletsedwa. Sankhani Whitelist (kuloleza) pa tsamba lokhalo, kenako dinani F5 kuti litsegukenso. Chenjerani pofika polipira: nthawi zambiri tsambalo limakutumizani ku adiresi ina, ndipo nayonso iyenera kuloledwa payokha, apo ayi malipiro amaima pakati. Zikakanikabe, tsitsani chitetezo cha JShelter, pulogalamu ina yobwera mu IceCat, pa tsambalo, chifukwa imabisa zina za kompyuta yanu zomwe mabanki amafufuza.

Kuti zololezazi zisasakanikirane ndi kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku, ndinalemba about:profiles polembera adiresi n'kupanga profile yachiwiri (malo apadera osungira zosankha za IceCat) ya zandalama zokha. Imatsegulidwa polemba lamulo loti icecat -P n'kuisankha pa mndandanda.

Netflix ndi Spotify musavutike nazo. Zimafuna Widevine, pulogalamu ya Google yotseka mafilimu ndi nyimbo, yomwe IceCat inaikana mwadala.