Mmene mungalondolere ubale wa mafumukazi a ku Ulaya mutu osazungulira

Ambiri akayamba kuwerenga za mafumukazi a ku Ulaya amagwa ulesi msanga chifukwa maina ndi omwewomwewo, apa Victoria apo Victoria, a Alexandra awiri, a Maria osawerengeka. Ine chomwe chinandithandiza ndi njira yathu yomwe ija yolondola mtundu kuchikazi, kufunsa kaye kuti mayi ake ndani, anayamwa bere la ndani.

Pezani pepala lalikulu, kumbuyo kwa kalendala yakale kumachita bwino, ndipo muzilemba ndi pensulo osati bolopeni chifukwa mufufuta kambirimbiri. Pamwamba kumanzere lembani Victoria wa ku Britain, analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, iye ndi mwamuna wake Albert anabereka ana 9. Kumanja lembani Louise, mkazi wa mfumu Christian IX ya ku Denmark, wa ana 6. Yambirani pa amayi awiriwa basi, enawo adzibwera okha.

Pambali pa dzina lililonse muziikapo chizindikiro chosonyeza ngati mayiyo ankalamulira yekha kapena anali mkazi wa mfumu, poti pa Chichewa onse timangoti mfumukazi. Victoria ndi Elizabeth II mpando unali wawo. Koma Alexandra mwana wa Louise anachita kukwatiwa mu 1863 ndi mwana wa Victoria amene anadzakhala Edward VII, ndipo ukwati umenewu ndi womwe ukulumikiza mbali ziwiri za pepala lanu, ujambuleni mzere wonenepa.

Chinanso chofunika kwambiri, lembani dzina lobadwa nalo ndi chaka, dzina la ku ukwati muike pansi pake. Mng'ono wake wa Alexandra dzina lake anali Dagmar, atakwatiwa ku Russia mu 1866 anasanduka Maria Feodorovna, ndiye mukapanda kusamala mulemba anthu awiri pomwe ndi mmodzi. Mayi ameneyu nkhani yake imandikhudza, poyamba anali pachibwenzi ndi Nicholas amene amayembekezera ufumu koma mnyamatayo anamwalira mu 1865 ukwati usanachitike, iye nkukwatiwa ndi mng'ono wake wa malemuyo, Alexander III. Anakhala ndi moyo mpaka ufumuwo kugwa, mwana wake Nicholas II kuphedwa pamodzi ndi banja lake lonse mu 1918, iye anachoka ku Crimea mu 1919 pa sitima ya nkhondo ya Britain nkukamwalirira kwawo ku Denmark mu 1928.

Tsopano pa nkhani ya asuweni musamangotengera zomwe zili pa intaneti, kumeneko ana onse a pachibale amawaika mthumba limodzi. Inu asiyanitseni mwachikwathu. George V wa ku Britain ndi Nicholas II amayi awo anali Alexandra ndi Dagmar, munthu ndi mng'ono wake, ndiye awa ndi pachichimwene, tayang'anani zithunzi zawo, ndevu ndi maso ngati mapasa. Wilhelm II wa ku Germany ndiye msuweni weniweni wa George, mayi ake a Wilhelm anali mlongo wa Edward VII, bambo ake a George. Victoria ndi Albert nawonso anali pachisuweni chenicheni, bambo ake a Albert anali malume a Victoria.

Mukafika apa tengani bolopeni yofiira mulondole matenda a haemophilia, aja magazi sachedwa kutuluka koma kuti aundane zimavuta. Amayenda kudzera mwa amayi nkumadwalitsa makamaka ana aamuna. Leopold mwana wa Victoria anali nawo, anamwalira mu 1884. Ana aakazi awiri a Victoria, Alice ndi Beatrice, anawapititsa patsogolo. Mwana wa Beatrice, Victoria Eugenie, anakwatiwa ndi Alfonso XIII wa ku Spain mu 1906, tsiku la ukwati lomwelo munthu anawaponyera bomba mumsewu wa ku Madrid anthu ambiri nkufa, kenako ana ake aamuna awiri anabadwa ndi matendawa. Mwana wa Alice, Alix, ndi amene anakwatiwa ndi Nicholas II mu 1894 nkukhala Alexandra Feodorovna, Alexandra wachiwiri uja, ndipo mwana wake wamwamuna yekhayo Alexei ankadwala omwewo.

Mzere womaliza ujambuleni kuchokera kwa Alice yemweyo kutsika kwa mwana wake wamkulu Victoria wa ku Hesse, kutsikanso kwa Alice wa ku Battenberg, mpaka kwa Philip mwamuna wa Elizabeth II. Mafupa a banja la Nicholas II atafukulidwa pafupi ndi mzinda wa Yekaterinburg ku Russia mu 1991, akatswiri anafuna wachibale wa kuchikazi woti afananitse naye DNA ija munthu amatengera kwa mayi okha, ndipo Philip anapereka magazi ake chifukwa agogo ake aakazi ndi Alix anali a bere limodzi. Zinagwirizana.