Momwe mungabwezere ZODB mmbuyo zinthu zikafufutika pa Plone

Tinene kuti wina mu ofesi wafufuta foda yonse ya nkhani pa webusaiti yoyendera Plone (pulogalamu yoyendetsera zolemba za pa webusaiti), kapena skripti yolembedwa mothamanga yasintha masamba mazanamazana. Musayambe mwapsa mtima. Plone imasunga zinthu zake mu ZODB, database ya ma object ya Python yomwe Jim Fulton anayambitsa pamodzi ndi Zope (seva yomwe Plone imayendapo), ndipo ZODB ili ndi khalidwe limodzi lopulumutsa: siilemba pamwamba pa zakale. Kusintha kulikonse kumakalembedwa kumapeto kwa fayilo ya Data.fs ngati transaction yatsopano. Choncho zomwe zikuoneka kuti zapita zikadali mkati mwa fayilo, pokhapokha ngati wina wachita pack.

Ndiye chinthu choyamba, musanaganize china chilichonse, letsani pack. Ambiri amaiika mu cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi zoikika, kuti iziyenda yokha usiku kapena kumapeto kwa sabata kudzera pa lamulo la zeopack. Ntchito ya pack ndi kuchotsa mbiri yakale kuti fayilo ichepe, ndipo mbiri imeneyo ndi yomwe mukuifuna lero. Ngati pack yayenda kale, yang'anani Data.fs.old mu foda ya var/filestorage. Imeneyo ndi fayilo monga inalili pack isanachitike, ndipo pack yotsatira idzaifafaniza.

Kenako imitsani ma instance onse (makope a Plone omwe akuyenda) ndi seva ya ZEO (yomwe imawagawira database), mukopere Data.fs ndi foda yonse ya blobstorage, momwe mumakhala zithunzi ndi ma PDF, kumalo ena. Zonse zotsatirazi muzichita pa kopi. Disiki ikachepa, bwerekani ina, koma osalumpha sitepe imeneyi.

Mwina muli ndi mwayi ndipo Undo yokha ikukwanirani. Mu ZMI, masamba oyang'anirira Zope pa brawuza, muli malo osonyeza ma transaction aposachedwa, ndipo mutha kusankha lolakwikalo n'kulibweza. Koma pa Plone imakana kawirikawiri. Pafupifupi kusintha kulikonse kumakhudza portal_catalog, mndandanda womwe Plone imasakiramo zinthu, ndiye munthu wina akangosunga tsamba pambuyo pa vutolo, ZODB imaona kuti ma object omwewo asinthidwanso ndipo imakana kubweza. Iyeseni ngati pangodutsa mphindi zochepa. Pakadutsa tsiku, musataye nayo nthawi.

Tsopano pezani nthawi yeniyeni imene zinalakwika. Lamulo la fstail -n 30 Data.fs limasonyeza ma transaction 30 omaliza: nthawi, dzina la amene anasintha, njira ya tsamba lomwe anagwira, ndi offset, yomwe ndi malo ake mu fayilo powerenga ma byte. Apa ndi pomwe anthu amapunthwa. ZODB imalemba nthawi mu UTC, pomwe Malawi, Zambia ndi Mozambique zili patsogolo ndi maola awiri. Mnzanu akati anafufuta 2:30 masana ku Lilongwe, inu fufuzani 12:30. Mukaiwala izi mubwezera database pa nthawi yoti kuonongeka kunachitika kale, n'kumadabwa kuti foda ija sikuoneka.

Musanadule chilichonse pa Data.fs (kudulako tikufotokoza pansipa), suzumirani kaye mmbuyomo. ZODB imalola kutsegula database monga inalili pa nthawi ina yake, mongowerenga. Mu Python mumalemba db.open(at=nthawi), pomwe nthawi ndi datetime ya UTC, kapena before= ngati mukufuna zonse za m'mbuyo mwa mphindi imeneyo. Ngati mukufuna kuona webusaiti yonse ndi maso pa brawuza, pali phukusi la zc.beforestorage lomwe limakuta filestorage (kasungidwe ka mu Data.fs) mu zope.conf, fayilo ya makonzedwe a Zope, ndipo mumangolipatsa tsiku ndi ola. Plone imafuna kulemba tinthu tina ngakhale munthu akungolowa, ndiye ambiri amaika DemoStorage pamwamba pake kuti zolembedwazo zipite pambali osakhudza fayilo yeniyeni.

Ine ndimaona kuti nthawi zambiri ntchito iyenera kuthera pomwepa. Kubweza database yonse kumataya zabwino zomwe: nkhani zimene anzanu alemba kuyambira masana aja, maakaunti atsopano, mapasiwedi osinthidwa. Ngati chasowa ndi foda imodzi, itsegulireni mu mbiri yakaleyo, muitulutse ngati fayilo ya .zexp kudzera pa Export mu ZMI, muilowetse mu webusaiti ya lero, kenako muchite reindex kuti catalog iidziwenso. Palibe wina amene ataye ntchito yake. Kudula kumayenera pamene kuonongeka kwafalikira paliponse, monga upgrade yomwe yaima pakati kapena skripti yomwe yagwira masamba osawerengeka.

Ngati mwatsimikiza kuti mudula, njira yake ndi yaifupi koma siikhululuka. Poti fayilo imakula kumapeto kokha, kuchotsa mchira wake kumaibwezera pa nthawi yakale, ngati kung'amba masamba omaliza a kaundula. Pezani offset ya pomwe transaction yolakwikayo ikuyambira, kenako pa kopi ija lembani truncate -s 123456789 Data.fs, m'malo mwa nambalayi muike yanu. Transaction imeneyo ndi zonse zobwera pambuyo pake zichoka.

Samalani ndi nambala ya offset. Transaction iliyonse ili ndi mutu wake, momwe muli tid (nambala ya transaction), kutalika, dzina la wosintha ndi mafotokozedwe, ndipo ma data amabwera pambuyo pa mutuwo. Fstail ya ZODB yatsopano imasonyeza poyambira transaction penipeni, kenako n'kuonjezera kukula kwa mutu ndi chizindikiro cha +. Yakale, komanso chida china cha fsdump, zimapereka poyambira ma data, kutanthauza kuti mukadula pamenepo musiya mutu wopanda thupi. Mukaona nambala imodzi yokha yopanda +, chotsanipo kukula kwa mutu, kapena tengani ZODB yatsopano mungoigwiritsa ntchito powerenga fayiloyo.

Mukadula, fufutani Data.fs.index. Fayilo imeneyi imakumbukira malo a object iliyonse, ndipo tsopano ikuloza malo omwe kulibe. ZODB iimanganso yokha poyamba, ngakhale pa fayilo ya magigabaiti ambiri zimatenga kanthawi, musaganize kuti yaima. Yendetsani fstest pa Data.fs kuti muone ngati sinaonongeke, ndi fsrefs kuti muone ngati pali object yoloza chinthu chosowa. Ngati ma client a ZEO, ma instance aja, ali ndi cache (makope a ma object) yosungidwa pa disiki, ifufuteninso, apo ayi azikumbukira ma object a mtsogolo omwe seva siikuwadziwa.

Za blobstorage, momwe mumakhala zithunzi ndi ma PDF, nkhawa ndi yochepa. Fayilo iliyonse ya blob imadziwika ndi oid (nambala ya object) ndi tid yake, choncho ma blob akale akadalipo ngati pack sinayende, ndipo a ma transaction odulidwa amangotsala osagwiritsidwa ntchito.

Nanga ngati pack inayenda ndipo Data.fs.old kulibe? Pamenepo mwatsala ndi backup. Amene amagwiritsa ntchito repozo, chida cha ZODB chotengera backup, alembe repozo -R -r backups -D 2024-03-14-12-29-00 -o Data.fs, tsiku ndi ola mu UTC. Dziwani kuti repozo siifika pa mphindi imene mwalemba. Imakupatsani backup yomaliza yomwe inatengedwa isanakwane nthawiyo. Ngati backup imayenda kamodzi usiku, mubwerera dzulo. Repozo siisunganso ma blob, ndiye muwabweze padera kuchokera ku backup ya tsiku lomwelo. Omwe anaika phukusi la collective.recipe.backup ali ndi bin/restore yomwe imachita zonse ziwiri.

Zonsezi ndi za FileStorage, kasungidwe ka mu Data.fs. Ngati Plone yanu ili pa RelStorage, ma data ali mu database ina monga PostgreSQL kapena MySQL ndipo palibe Data.fs yoti mudule. Kubweza kumachitika ndi zida za database imeneyo.

Pomaliza, ngati munadula Data.fs, yatsani instance imodzi pa kopi yodulidwayo, mutsegule masamba angapo, musake nkhani, mutsitse PDF imodzi. Zikayenda, ikani fayiloyo pamalo pake. Maimelo omwe webusaiti inatumiza kale sabwerera, ndipo ngati kusaka kwanu kumadalira Solr kapena Elasticsearch, index yake muimangenso chifukwa ikadali ndi zinthu zomwe mwadula. Uzaninso onse olemba pa webusaitiyo ola lenileni lomwe mwabwererako, mu nthawi ya kuno, kuti adziwe zoti alembenso.