Momwe mungawedzere white sturgeon mu mtsinje wa Fraser osaipha

Anzathu angapo omwe ali kuno ku British Columbia akhala akundifunsa kuti ndimayamba bwanji ndikamapita kokawedza white sturgeon, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Choyamba dziwani kuti nsomba iyi si ya ndiwo. Kuyambira 1994 mu Fraser ukaigwira umaibwezera m'madzi, basi. Ndi nsomba yaikulu kuposa zonse za m'mitsinje ya North America, zina zimafika mamita 6 ndipo imatha kukhala zaka zoposa 100, ndiye ija mwaikola mwina ndi yaikulu kwa agogo anu.

Za mapepala sindichedwapo. Mlatho wa sitima wa ku tauni ya Mission ndiye malire, kumunsi kwake mumafunika laisensi ya boma la Canada ya madzi a m'nyanja, kumtunda kwake laisensi ya chigawo kuphatikizanso ina yapadera ya sturgeon. Zonse mumagula pa intaneti ndipo si zodula mukayerekeza ndi kulipira gaidi ndi boti lake, pamenepo ndiye thumba limapepuka. Koma ulendo woyamba pitani ndi gaidi ndithu, ndipo amene akukuuzani kuti mapepala musadandaule nawo muthaweni. Ku mitsinje ya Nechako ndi Kootenay musayerekeze, kumeneko nsombazi zili pafupi kutha ndipo nzoletsedwa kuwedza.

Tsopano kupeza pomwe imakhala. Sturgeon ndi nsomba ya pansi, kamwa lake lili kunsi, ilibe mano, ili ndi ndevu 4 ngati za mlamba zomwe imafufuzira chakudya m'matope ndi mumchenga. Ndiye musamayang'ane pamwamba pa madzi, ganizani za pansi. Imakonda maiwe akuya pomwe madzi othamanga amakumana ndi oyenda pang'onopang'ono, monga kuseri kwa chilumba kapena pomwe mtsinje wa Harrison umathira mu Fraser, chifukwa chakudya chonse chokokoloka chimakatera pamenepo. Ponyani nangula kumtunda kwa dziwelo osati pamwamba pake penipeni, nyambo itsetserekere komwe kuli nsomba. Mtovu ukhale wolemera mokwanira kuti ukhazikike pansi, ukamagubuduzika ndiye kuti mukungotaya nthawi. Nyambo mupereke zomwe mtsinje ukupereka nthawi imeneyo, tinsomba tamafuta totchedwa eulachon cha mu April, mazira ndi zidutswa za salmon kuyambira August mpaka November. Ndinagulapo mazira kwa munthu wina wogulitsira m'galimoto, otchipa, kufika pa boti anali atawola kale mpaka sankagwira pa mbedza. Mbedza ikhale imodzi yopanda kansonga kobwerera kaja, ndi lamulo.

Apa ndiye ndikufuna mumvetsere bwino chifukwa ndi pomwe zinandivuta ine ndipo mpaka pano zimandiwawa. Unali mwezi wa August, dzuwa likuswa mtengo, madzi atachepa komanso atafunda. Ine ndinali ndi ndodo ndi chingwe zopepuka zomwe ndinagula pa intaneti motchipa, zolembedwa kuti nza nsomba zikuluzikulu koma zinali zabodza. Inakola nsomba ya pafupifupi mamita 2 ndipo poti ndinkaopa kuti chingwe chiduka ndinkaikoka pang'onopang'ono, tinalimbana kupitirira ola. Pofika pa boti inali itatembenuka chagada, ikupuma movutikira. Mnzanga amene wakhala pa mtsinjewu zaka zambiri sananditukwane, anangoti m'bale wanga lowa m'madzi. Tinaigwira awiri mutu utaloza komwe madzi akuchokera kuti azidutsa m'kamwa, tinaima m'madzimo nthawi yaitali zedi isanayambe kumenya mchira. Inapita, koma ngati inakhala moyo sindingalumbire.

Nkhani yake ndi iyi, sturgeon ndi nsomba ya madzi ozizira oyenda. Madzi akafunda amasunga mpweya wochepa pomwe nsomba yolimbana ndi chingwe imafuna wambiri, ndiye mukaichedwetsa mumakhala mukuikanyanga pakhosi. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi choyezera kutentha kwa madzi, kakang'ono ka m'thumba, ndipo madzi akayandikira madigiri 20 ine sindiponya mbedza, ndimabwerera kunyumba ngakhale nditathira kale mafuta m'boti. Ndipo gulani zida zolimba kamodzi, ndodo yamphamvu, chingwe chokhuthala, kuti nsomba ifike msanga isanatheretu mphamvu. Zotchipa zija mtengo wake imalipira ndi nsomba.

Chinanso chomwe ambiri sachidziwa ndi malo oikira mazira. Chipale chikamasungunuka m'mapiri cha mu May ndi June mtsinje umadzaza, ndi nthawi yomwe zimaswana, m'madzi othamanga pamwamba pa nsangalabwi. Mazira ake ndi omata, amakakamira pa miyala, tiana tikaswa timabisala m'mipata ya miyalayo. Matope akakwirira mipatayo ndiye kuti palibe chomwe chipulumuke. Ndi zomwe zinachitika ku Nechako atamanga damu la Kenney mu 1952, komanso ku Kootenay kumunsi kwa damu la Libby, zikuluzikulu zilipo koma tiana sitikuoneka. Ndipo yaikazi imatenga zaka zoposa 15 isanayambe kuikira, kenako imadumphitsa zaka zingapo. Nchifukwa chake timitsinje tina ta m'mbali pakati pa Hope ndi Mission, monga cha ku Herrling Island, amatitseka nthawi yoswana. Onani masiku ake m'kabuku ka malamulo ka chaka chimenecho ndipo musalowemo ndi injini.

Zotsalazo nzachidule. Ikafika pa boti, yoposa mita imodzi ndi theka isatuluke m'madzi, musaikoke ndi mchira kapena kulowetsa dzanja mopumira mwake, chithunzi mujambule muli m'madzi momwemo. Valani magolovesi chifukwa mafupa a pamsana ndi m'mbali aja amacheka makamaka pa zing'onozing'ono. Chotsani mbedza, mutu wake uloze komwe madzi akuchokera, dikirani mpaka ikukankheni yokha. Magaidi ena amakhala ndi kamakina kowerengera ma tag (tizizindikiro toikidwa m'thupi la nsomba) a bungwe la Fraser River Sturgeon Conservation Society, mukapeza wotero mufunseni ngati nsomba yanuyo inagwidwapo kale ndi kuti yakula bwanji.