Polojekiti yokonza mkati mwa chipinda: poyambira ndi pati?

Mwati aphunzitsi akupatsani ntchito yokonza pulani ya chipinda chochezera ndipo simukudziwa poyambira. Musathamangire penti, achemwali, imeneyo imabwera kumapeto.

Yambani ndi tepi. Yezani chipinda chenicheni, kaya ndi cha kwanu ku Chibavi kapena ku Katoto mu Mzuzu muno: makoma onse, kutalika kofika kudenga, zitseko, mawindo, ngakhale pamene pali masoketi. Lembani pompo, mutu umaiwala.

Kenako jambulani pulani pa sikelo ya 1:50. Mita imodzi ikhala masentimita 2 papepala, choncho khoma la mamita 4 likhala masentimita 8. Dulani timapepala toimira sofa, tebulo ndi kabati pa sikelo yomweyo, muzitisuntha mpaka munthu azidutsa osagunda bondo. Mpata wodutsamo usachepere masentimita 80.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, amajambula ngati nyumbayo ili ku Nsanje. Ku Mzuzu kuno kumazizira, chinyontho n'chambiri. Mu June ndi July dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye malo okhala akhale pafupi ndi windo la kumpoto. Kabati musaigunditse kukhoma lonyowa, sichedwa kuchita nkhungu.

Mukatero pitani kumsika wa Taifa mukapeze tizidutswa ta nsalu, mufunsenso akalipentala mtengo wa matabwa a paini a ku Chikangawa. Zonsezi mumate pakatoni imodzi, pamodzi ndi mitundu ya penti yosapitirira itatu.

Kachipinda koyerekezera ka makatoni mupange pomaliza, ndipo mitengo ya zinthu muilembe m'makwacha papepala lapadera.