Momwe mungalumikizire laini ya E1 pa switchi ya matelefoni

E1 ndi laini ya digito yomwe imanyamula mafoni ambiri nthawi imodzi. Musanagwire chingwe, imbirani kampani yomwe ikukupatsani lainiyo ikuuzeni zinthu zitatu, ndipo muzilembe: ngati framing yawo (kasanjidwe ka deta pa laini) ili ndi CRC4 (njira yofufuzira zolakwika), ngati signalling (mauthenga oyambitsa ndi kudula foni) ndi ya mtundu wa ISDN PRI kapena R2, komanso amene akupereka clock (wotchi yomwe laini imayendera). E1 imathamanga 2.048 Mbps ndipo ili ndi mipata 32 ya 64 kbps. Mpata 0 ndi wa framing, 16 ndi wa signalling, 30 yotsalayo ndiyo imanyamula mawu. Buku likamanena za mipata 24, ndiye kuti ndi la T1, laini ya mtundu wina, liikeni pambali.

Pa doko la RJ48 la 120 ohm, mapini 1 ndi 2 amalandira, 4 ndi 5 amatumiza. Akakubweretserani coax ya 75 ohm, pafunika balun, kachipangizo kolumikizira coax ku doko la 120 ohm lija. Zotchipa zopanda dzina zija zisiyeni. Wogulitsa wina anandilumbirira kuti zake ndi orijino, koma ziwiri zinakana tsiku lomwelo.

Line code (momwe deta imaikidwira pa chingwe) ikhale HDB3, mawu akhale A-law (njira yowasandutsira digito). Apa palibe chovuta.

Pomwe ndinagwa ine ndi pa clock. Ndinaisiya pa internal (mbali yathu ikuyendera wotchi yakeyake), nyali zonse zinayaka zobiriwira, foni yoyesera inalowa, ndinalongedza zida n'kumapita. Sabata isanathe madandaulo anayamba: mawu akuthetheka pakati pa kucheza, fakisi ikudukira panjira. Ndinasintha chingwe kawiri. Ndinakalipira a kampani pafoni, zomwe ndimachita nazo manyazi mpaka pano. Kenako ndinalemba show controllers e1 pa rauta ya Cisco yomwe lainiyo inalowamo, n'kuona ma slip akungokwera.

Nkhani yake ndi iyi. Mbali iliyonse imatumiza mafulemu (timagulu ta deta) 8,000 pa sekondi. Iliyonse ikamayendera wotchi yakeyake, ina imatsogola pang'ono, ndiye pakapita nthawi fulemu imodzi imatayidwa kapena kubwerezedwa, ndipo imeneyo ndiyo slip. Khutu limangomva kaphokoso, koma fakisi ndi modemu sizipirira. Mankhwala ake anali mzere umodzi wokha, clock source line, kuti switchi yanu izitsatira wotchi ya kampani. Ngati ma E1 ndi awiri, wina akhale primary. Fufutani makaunta, dikirani mphindi 15, muonenso. Ma slip akhale pa 0, osati "ochepa".

Zotsalazi n'zachangu. Inu ndinu mbali ya user, kampani ndi network. Ngati signalling ndi ISDN PRI, lembani isdn switch-type primary-net5, kenako pri-group timeslots 1-31. Pa show isdn status mukaona MULTIPLE_FRAME_ESTABLISHED, ndiye kuti D-channel (mpata 16 wa signalling uja) yadzuka. Alamu ya LOS (yosonyeza kuti palibe chomwe mukulandira pa laini) ikayaka, yambani ndi chingwe. Ikakhala ya RAI, zida za kampani ndi zomwe sizikukumvani bwino, choncho onani mapini otumiza ndi CRC4.

Ikani mipata ya mawu ija mu trunk group (gulu lomwe mafoni amatengamo mpata), ndipo muzisankha mipata kuyambira kumapeto ngati iwo amayambira pa 1, kuti musalimbirane mpata umodzi. Imbani foni yotuluka, wina akuimbireni yolowa, sungani config.